Mkamwini Pamwamba pa Nkhokwe

Kumudzi kwa amayi, cha kumtunda kwa Mualadzi, rede, netiweki ya telefoni, imagwira malo amodzi okha, pamwamba pa nkhokwe yathu. Ukangotsika makwerero ndi phazi limodzi, telefoni imasanduka sopo, yosalala bwino koma yosayankhula. Anzanga amapalasa njinga mpaka kumsika kukasaka rede, ine ndimangokwera pa chimanga. Ndiye chichokereni amuna anga, a Américo, kupita ku Portugal kukathyola azitona, banja lathu lakhala likuyendera pamenepo, ine nditakhala pa mtanda, miyendo ili lende, nkhuku zikundidabwa pansi.

Nkhokweyo analuka ndi iwo omwe, chaka chimene anachoka kwawo ku Nsadzo kudzakhala chikamwini kwathu. A Américo ndi munthu wa ulemu wopitirira muyeso, woti ngakhale mbuzi ya apongozi awo akhoza kuipatukira panjira. Iwo ndi amayi anga, a Idesi, sanayang'anizanepo kumaso. Akakumana kudimba, mmodzi amalowa m'mapesi mpaka mnzake adutse. Telefoni sinasinthe kanthu. A Américo akaimba pa vidiyo, amayi amathawira kuseri kwa nkhokwe n'kumapereka moni ali komweko, ine ndili pakati kumawolotsa mawu. Amayi akati, "Uwafunse apongozi ngati adzuka bwino," ndimafunsa, ngakhale kuti apongoziwo amva kale. Nawo akati, "Muwauze amayi kuti ndadzuka," ndimauza. Nthawi zina zimanditopetsa, koma sindibisa, zimandinyaditsanso.

Chaka chino mapepala athu anatheka. A Américo anali atapeza chipinda choti tikakwanemo atatu, iwo, ine ndi mwana wathu Abigaeli, amene bambo ake amawadziwa ngati nkhope yokhala m'galasi. Chinatsala chinthu chimodzi. Kwathu mkazi sangonyamulidwa ngati thumba la mtedza. Mwamuna akafuna kumuchotsa pamudzi pa amayi ake, amapempha chitengwa kwa mwini mbumba, ndipo mwini mbumba wathu ndi amalume a Tomás, mlongo wawo wa amayi. Iwo akakana, ndiye kuti mapepala onsewo ndi oyatsira moto basi.

Amalume ndi munthu wamtali, wouma, wosaseka chisawawa. Ali ndi chipewa chakuda chimene anabwera nacho kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndipo sachivulira munthu. Tsiku limene akuluakulu a boma anabwera kudzatsegula mjigo, amuna onse anavula zipewa, chawo chinakhala pomwepo. Wina atawanong'oneza, anangoti, "Ndinavula zokwanira ndili mwana." Tonse tinkadziwa kuti ali mnyamata ankagwira ntchito pa kantina, sitolo ya Mpwitikizi wina, koma nkhani imeneyo sankaikamba, ndipo ife sitinkafunsa.

Nditawapititsira pempho la a Américo limene anatumiza pa audiyo, anakana ngakhale kulimvetsera.

"Mkazi sapemphedwa pa audiyo ngati fodya," anatero. "Akufuna chitengwa, abwere adzagwade."

"Amalume, kumeneko ndi nthawi yokolola. Akachoka tsopano, ntchito ithera pomwepo."

Anakanda chibwano.

"Ndiye agwade pa vidiyo yanuyo, ndimuone ndi maso anga. Koma ankhoswe ake abwere ndi miyendo. Iwo alibe nyanja yoti awoloke."

Tinapangana Lamlungu lomaliza la Outubro, ndiye kuti Okutobala. Tsiku limenelo a Américo amaweruka masana. Wotchi ya kumeneko ndinkaidziwa kuti imatsalira ola limodzi kumbuyo kwa yathu, choncho tinawerengera kuti ndikaimba 15 horas, 3 koloko masana ya kwathu, ndidzawapeza atafika kunyumba, atasamba, atavala kazako, jekete lobwereka kwa mnzawo Edgar, atakhala pansi monga ayenera kukhalira munthu wopempha. Masiku onse amaimba ndi iwo, koma ulendo uno amalume anati woimba akhale ife, kuti mkamwini adikire akulu, osati akulu kudikira mkamwini.

Loweruka madzulo kunalowa audiyo ya a Américo, yaitali ngati ulaliki. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ananso mamega anga a intaneti. Vidiyo imadya mamega ngati anankafumbwe, ndipo amalume akayamba kuyankhula sadziwa kuti pali chinthu chimene chimatha. Ndinati nkhani yake ndikuidziwa kale: ndisese pabwalo, ndimuveke Abigaeli diresi labwino, ndisayankhule akulu akuyankhula. Amuna anga amabwereza zinthu. Ndinaisiya osaitsegula, ndipo ndinatsika makwerero ndikudzitama kuti ndine mkazi wodziwa kusunga.

Lamlungu dzuwa linaswa mtengo. A Martin, amalume awo a a Américo amenenso ndi ankhoswe athu, anafika pa njinga atamangirira tambala wofiira kumbuyo, malaya atanyowa ndi thukuta. Ndinayala mphasa patsogolo pa nkhokwe. Azimayi a pamudzi anayamba kudzikokera pafupi, wina ndi lichero, wina ndi mwana kumsana, koma amalume anawabalalitsa.

"Nkhani ya mbumba si gule. Pitani."

Tinatsala amalume, a Martin, ine ndi Abigaeli. Amayi anakakhala pamalo pawo pa masiku onse, kuseri kwa nkhokwe.

"Nanga mkamwiniyo akhala pati?" anafunsa amalume.

"Pamwamba apo, amalume."

Anakweza maso pang'onopang'ono mpaka pa nsonga ya mzati pamene ndimamangirira telefoni ndi mphira.

"Ine pansi, iye pamwamba?"

A Martin anagwetsa nkhope ngati kuti rede anaipachika ndi iwo. Ndinayesa zonse. Ndinaika telefoni pamphasa, rede inathawa. Ndinaiika pa mtondo, inathawa. Ndinaiika pa mpando umene ndinausanjika pa mtondo womwewo, inangobwera kakanthawi n'kuthawanso.

"Akulu anati mkamwini asamakule mwendo," anatero amalume. "Uyu wathuyu wamera mapiko. Mpachike, tione."

Kumeneko kunali kuseka kwawo, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndinakwera, ndinamanga telefoni moiweramitsa kuti iyang'ane pamphasa, ndinakweza mawu mpaka pamapeto, ndinaimba, n'kutsika msanga kukagwada m'mphepete mwa mphasa, Abigaeli ali pamiyendo.

Inalira nthawi yaitali. Amalume anayamba kugwedeza bondo. Kenako galasi linawala, ndipo chimene ndinaona sichinali chipinda ayi. Panali mitengo, fumbi, ndi chiphokoso cha makina ogwedeza azitona. A Américo anali mu kapusi yakuda ndi dothi, thukuta likuyenderera m'masaya, maso ali tong'o. Anatsegula pakamwa kuti andifunse kanthu, koma anaona chipewa cha amalume, anaona a Martin, ndipo anatsekanso.

Munthu wina akanadula n'kudzanamizira rede. A Américo sangadulire amalume telefoni ngakhale nyumba ikupsa. Anaitsamiritsa pa bokosi la azitona, anavula kapusi, anagwada pa ukonde umene amayala pansi pa mitengo, n'kuomba m'manja.

"Kodi kumeneko anthu amapempha mkazi ali m'munda?" amalume anandifunsa chapansipansi.

Ndinamukokera Abigaeli pachifuwa n'kuyang'ana pansi.

A Martin anayamba monga mwa dongosolo. Anati abwera ndi manja awiri, mwana wawo wakhala bwino pamudzi pano, walima, waluka nkhokwe, wabereka, tsopano akupempha kuti amulole atenge mkazi wake akakhale naye kumene akugwira ntchito. Atamaliza, amalume anatsokomola n'kuyamba kuyankha. Iwo sayambira pafupi. Anayambira kwa agogo awo aakazi amene anadula mtengo woyamba pamalo pano, anadutsa pa nkhondo, momwe mbumba inabalalikira, ena ku Dedza, ena ku Zambia, ndi momwe iwo anayendera kuisonkhanitsa mmodzimmodzi. A Américo anali chigwadire, mutu uli pansi, akuomba m'manja pang'ono pamene pafunika.

Ndiye patali kunamveka mawu.

"Ó Américo!"

Sanacheuke. Mkulu akamayankhula, wopempha sacheuka.

"Ó Américo! Estás a rezar ou quê? Levanta-te, pá!"

Ife a ku Tete Chipwitikizi sitifunira womasulira. Tonse tinamva: kodi ukupemphera kapena chiyani, tadzuka iwe. Anali kapitawo wawo. Kumbuyo kwawo kunali munthu amene angawachotse ntchito, kutsogolo kwawo kunali munthu amene angawamane mkazi, ndipo mawondo anali awiri okha. Anasankha kukhala chigwadire.

Amalume anali atasiya mawu pakati. Kapitawo uja anakuwanso kachitatu, tsopano ali pafupi. Tinaona nsapato zikuluzikulu zikuponda ukonde, kenako dzanja, kenako thambo ndi mitengo zikuzungulira. Galasi litakhazikika, pamwamba pa nkhokwe yathu panali nkhope ya mzungu. Anali mnyamata ndithu, wocheperapo kwa a Américo, wofiira ndi dzuwa, ndevu zake zosakwana n'komwe. Anatiyang'ana pansi pamene tinakhala, atakwinya nkhope.

"Mas quem é esta gente?" Ankafunsa kuti anthu amenewa ndi ndani.

Zimene zinachitika kenako sindinazione bwino poyamba, ndinangomva mphasa ikukhwekhwereza pambali panga. Amalume anali ataimirira. Munthu amene podzuka amafuna ndodo ndi kubuula, anadzuka ngati wolumidwa ndi linthumbu. Chipewa chinali m'manja, atachigwira ndi manja onse awiri pachifuwa. Msana unali utapindika pang'ono. Ndipo anayankhula ndi mawu aang'ono, opyapyala, amene sindinawamvepo chibadwire.

"Boa tarde, patrão." Anali moni wa wantchito kwa bwana wake.

Mnyamata uja anadzidzimuka kuposa ife. Anaphethira, nkhope yake inasintha.

"Boa tarde, senhor... desculpe," anatero mopepesa, ndipo galasi linada.

Amalume anali chiimire, dazi lawo lili poyera, loyera mbuu chifukwa chosaona dzuwa. Ndinali ndisanalionepo. Ndinayang'ana pansi, a Martin anayang'ana tambala wawo. Ndiye Abigaeli, amene masiku ano amatola mawu alionse ngati nkhuku, anaimirira pamiyendo panga, anagwira timanja take pachifuwa, n'kunena mokondwa:

"Bowa tadi, patalawu!"

Ndinamutseka pakamwa mwamphamvu mpaka analira. Manyazi amene anandigwira pamenepo ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo ndi mwana yemwe.

Amalume anabweza chipewa kumutu. Sanayang'ane aliyense wa ife.

"Mwana wa mlongo wanga sapita kumeneko," anatero. "A Martin, tengani tambala wanu."

Anatola ndodo n'kumapita, akuyenda mofulumira kuposa masiku onse.

A Martin atafuna kunyamuka ndi tambala, amayi anayankhula ali kuseri komweko kuti amusiye agone, dzuwa latentha kwambiri, angafere panjira. A Martin anamvetsa, anatsanzika mwaulemu, nakankha njinga yawo osaikwera mpaka atatuluka pamudzi.

Ine mkwiyo unali utandikwera, ndipo ndinkafuna wouthira. Ndinakwera makwerero ndikutukwana mumtima. Munthu tinapangana naye bwinobwino, bwanji anakhalabe kumunda? Bwanji osanditumizira mawu? Ndipamene maso anga anagwera pa audiyo ija, ili pomwepo chikhalire, yosatsegula. Ndinaitsegula.

"Amake Abigaeli, mumvetsere bwino, izi n'zofunika. Usiku uno kuno akubweza wotchi m'mbuyo ndi ola limodzi. Amatero chaka chilichonse kukamayamba kuzizira. Ndiye mawa musaimbe 15, ndidzakhala ndikadali kumunda. Muimbe 16. Mwamva? Ndibwerezenso..."

Anabwereza katatu, monga mwa khalidwe lawo. Kumapeto anati wasita kale kazako, ndipo Edgar wamuphunzitsa kumanga gravata, tayi ya pakhosi.

Ndinakhala pa mtanda paja ngati wakuba amene wapezeka m'nkhokwe ya eni. Poyamba ndinayesa kukwiyira azungu. Ndani anamvapo zoti anthu amakankha nthawi ngati ngolo? Dzuwa ndi lawo? Koma mkwiyowo sunakhalitse, unalibe pogwira. Mamega amene ndinasunga anali adakalipo, ambiri ndithu, okwanira kumvetsera audiyo imeneyo kakhumi.

Patapita kanthawi telefoni inalira m'manja mwanga. Anali iwo. Anali atakhala pansi, pa simenti ya chipinda chawo, atavala kazako wabuluu wowakulira m'mapewa, gravata ili pakhosi mokhota pang'ono, tsitsi lonyowa. Pambali pawo panakhala Edgar, nayenso atapinda miyendo mwaulemu. Anakonzeka ngati anthu opita ku ukwati, ndipo pansi panga panali mphasa yopanda munthu.

"Amalume ali kuti?"

"Apita."

"Anena chiyani?"

Ndinawauza. Edgar anadzuka mwakachetechete n'kutuluka pa galasi.

"Audiyo ija simunaimve?"

"Ndimasunga mamega," ndinatero. Mawuwo anatuluka opusa monga momwe analili.

Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo ndinkafuna kuti akalipe. Iwo anangokweza dzanja n'kumasula gravata pang'onopang'ono.

"Zachitika," anatero. "Kapitawo wati ndikadzabwereza ndidzachoke. Koma atandibwezera telefoni sanakuwenso. Anangondifunsa kuti mkulu uja ndi ndani."

Sindinafunse kuti anamuyankha chiyani. Tinangoyang'anana, aliyense akudikira kuti mnzake atchule chimene tonse tinkachiganiza. Ndiye pansi, kuseri kwa nkhokwe, kunamveka mawu a amayi. Anali asanachoke.

"Ivânia, uwauze apongozi kuti ine ndinali kuseri kuno. Sindinaone kanthu."

Ndinawauza. A Américo anaweramitsa mutu.

"Muwauze amayi kuti kuno makina amasokosa kwambiri. Nanenso sindinamve kanthu."

Ndinawolotsanso mawuwo. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamula moni pakati pa anthu awiriwa, koma tsiku limenelo ndinanyamula mabodza awiri, ndipo onse anali aulemu kuposa choonadi chimene ine ndinali nacho. Misozi inayamba kugwera pa galasi, ndinaipukuta ndi kapulana, chitenje changa.

M'mawa mwake ndinamusiya Abigaeli ndi amayi n'kulondola njira ya kumunda kwa amalume. Ndinali nditakonza mawu anga. Ndinati ndikawauza kuti cholakwa ndi changa, kuti a Américo anandichenjeza koma ine sindinamvetsere, mwina mtima wawo ukatsika. Ngati pafunika mbuzi yopepesera, ndikaipeza. Ndinkaganizabe kuti nkhani yake ndi ya wotchi.

Ndinawapeza akusosa, akuunjika mapesi kuti awotche. Utsi unali utayamba kale kukwera kumapeto kwa munda. Ndinagwada pa mzere, ndinaomba m'manja, ndipo ndinafotokoza zonse: za audiyo, za mamega, za azungu obweza nthawi, za kazako ndi gravata. Anamvetsera atatsamira khasu, akuyang'ana kumene kunali utsi.

"Wotchi," anatero nditamaliza. "Wabwera kudzandiuza za wotchi."

"Cholakwa ndi changa, amalume. Iwo alibe mlandu."

"Ndani wanena kuti ali ndi mlandu?"

Anagwetsa khasu pansi n'kukhala pa chitsa, chammbali, kuti asandiyang'ane.

"Mkamwini anamva?"

"Akuti makina amasokosa. Akuti sanamve kanthu."

"Akuti." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndiye kuti anamva. Ali ndi ulemu mwana uja."

Anatola kaphesi n'kuyamba kukathyolathyola.

"Pa kantina paja ndinalowa ndili wamng'ono, mutu wanga usanafike pa tebulo logulitsira. Mwini wake akatulukira pakhomo, umadzuka. Ukhale ukudya, ukhale ukudwala, umadzuka, chipewa m'manja. Ukachedwa, manja ako amatupa sabata yonse. Anthu aja anapita kwawo kalekale. Nkhondo ziwiri zadutsa. Ndaika m'manda mkazi ndi ana awiri. Ine ndimayesa kuti zinthu zija zinatuluka m'thupi muno." Anamenya bondo lawo ndi kaphesi kaja. "Miyendo iyi inadzuka yokha, Ivânia. Sinandifunse."

"Amalume, palibe amene..."

"Khala chete. Mwamuna wako anamukuwira katatu, ndiye amene amadya za mzunguyo, koma sanadzuke. Anagwadira ine. Ine sanandikuwire n'komwe. Kamwana koti ndikhoza kukhala agogo ake."

Mphepo inatembenuza utsi n'kuubweretsa kwa ife. Anatsokomola, napukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Ndinanamizira kuti nanenso ndi utsi.

"Ukawauze amayi ako aphe tambala uja," anatero. "A Martin atumiziridwe mawu. Upite kwa mwamuna wako."

Mtima wanga unadumpha, sindikana. Zaka ziwiri ndinali ndikupempherera mawu amenewo. Ndinakweza manja kuti ndiombe.

"Usathokoze. Sindikukupereka chifukwa ndakondwa." Mawu awo anali atabwerera mwakale, ouma. "Amayi ako anali kuseri. A Martin kwawo ndi kutali, tidzakumana pa maliro basi. Koma iwe unali pambali panga pamphasa paja, ndipo kamwana kako kakudziwa kale kundiyerekeza. Ndikuona iwe kumjigo, ndikuona iwe kutchalitchi, m'mawa uliwonse ukubwera kudzandipatsa moni uku ukuyang'ana pansi kuti ndisadziwe zimene ukukumbukira. Sindingathe. Ndine wokalamba, ndikufuna ndiziyenda pamudzi panga. Pita msanga, mvula isanagwe."

Ndinali nditabwera kudzapempha kuti andikhululukire, ndipo ndinalandira zonse zimene ndinkafuna. Sindinachitepo manyazi ngati pamenepo. Munthu amene anayenda wapansi mpaka ku Zambia kukasaka mbumba yake kuti isabalalike, ankandichotsa pamudzi ndi dzanja lake, chifukwa cha chinthu chimene ine ndinachionetsa kwa anthu.

"Ndizikuimbirani, amalume," ndinatero, posowa china.

"Uziimbira amayi ako. Iwo azindiuza."

Anadzuka movutikira, akubuula, natola khasu. Anayambira pamene anasiyira, akukokera mapesi pamulu, atandifulatira. Ndinakhala chigwadire pa mzere paja, dothi likutentha m'mawondo, ndikudikira kuti mwina acheuka. Sanacheuke. Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono monga ayenera kuchitira munthu amene wapatsidwa, ndikuthokoza msana wawo.